Bitiruti ndi Mandimu: Chakumwa cha M'chilimwe ndi Zimene Mlangizi Ayenera Kunena pa Icho

Mwezi wa Okutobala ukafika, dziko lonse kuyambira ku chigwa cha Luangwa, kudzera ku Tete, mpaka ku chigwa cha Shire limakhala ngati laikidwa pa ng'anjo. Udzu wapsa, timitsinje taphwa, ndipo m'madera otsika masiku ena kutentha kumapitirira madigiri 40. Komatu nthawi yomweyi ndi imene mlimi sapuma. Akusosa, akugalauza, akuunda mizere kuti mvula ikadzagwa idzampeze ali wokonzeka. Munthu wogwira khasu padzuwa lotere amataya madzi ambiri m'thukuta, ndipo akaweruka chimene amayamba kufunsa si nsima ayi, koma chonyowetsa kukhosi.

Makolo athu ludzu limeneli analidziwa ndipo analikonzekera. Ku Malawi kuli thobwa, ku Zambia kuli munkoyo ndi chibwantu, ku Zimbabwe kuli maheu, ndipo kulikonse kumene kuli mitengo ya mlambe ndi bwemba ana amakula akumwa madzi a zipatso zake. Koma masiku ano ndalama zambiri za pabanja zimathera ku zakumwa za m'mabotolo, zimene mbali yake yaikulu ndi madzi, shuga ndi utoto. Pamene zili chomwechi, m'madimba ena bitiruti amakalambira m'nthaka chifukwa chosowa wogula, ndipo kuseri kwa nyumba mandimu amaolera pansi pa mtengo.

Mbewu ziwirizi zikaphatikizidwa zimapereka chakumwa chofiira, chowawasa bwino, chotsika mtengo, chimene mayi aliyense angathe kupanga ndi ziwiya zimene ali nazo kale. N'choyenera kuti alangizi a zaulimi ndi a zakadyedwe achiphunzitse. Koma ndi chakumwa chimene anthu amachinenera zambiri zosaona, ndipo zina mwa zonenazo zinatayitsapo miyoyo m'chigawo chathu chino. N'chifukwa chake m'nkhani ino tifotokoza kalimidwe ndi kapangidwe, komanso malire a zimene mlangizi angalonjeze.

Mlendo amene ali ndi abale kwathu

Bitiruti, amene akatswiri a zomera amamutcha Beta vulgaris, kwawo ndi m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, kumene kholo lake lakutchire limamerabe. Kuno anafika ngati imodzi mwa ndiwo zachizungu, pamodzi ndi karoti ndi kabichi. Komabe si mlendo kwenikweni, pakuti ali m'banja limodzi ndi bonongwe, ndipo sipinachi wa masamba aakulu a nthiti zoyera amene amalimidwa m'madimba ambiri ndi mbewu yomweyo, kungoti wina anasankhidwa chifukwa cha masamba, wina chifukwa cha muzu. Palinso mtundu woyera umene umapereka shuga ku Ulaya, kutsatira zimene Andreas Marggraf anapeza mu 1747, zoti shuga wa m'muzu umenewu ndi yemweyo wa mu nzimbe. Ngakhale bitiruti wofiira ali ndi shuga wakewake, pafupifupi magalamu 7 pa magalamu 100 alionse, ndipo ichi n'chimene chimatilola kuchepetsa shuga wogula pokonza chakumwa.

Mitundu iwiri yodziwika kwambiri m'masitolo a mbewu m'chigawo chino ndi Detroit Dark Red, imene inatulutsidwa ku America mu 1892, ndi Crimson Globe. Yonse iwiri ndi yabwino pa chakumwa malinga muzu ukhale wofiira mpaka m'kati.

Kulima moyang'ana mwezi wa ludzu

Vuto loyamba ndi la nyengo. Bitiruti amakonda malo ozizira. Amakula bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 15 ndi 20 kapena kupitirirako pang'ono. Mandimu nawonso amachuluka m'miyezi yozizira. Amene wayendapo pa msika wa Lizulu kapena wa Tsangano, pamene alimi a ku Ntcheu ndi a ku Angónia amagulitsira limodzi, akudziwa mmene ndiwo za m'nyengo yozizira zimachulukira ndi kutsikira mtengo. Koma mu Juni ndi Julaye palibe amene amalakalaka chakumwa chozizira. Ludzu limabwera mbewu zitayamba kusowa. Ntchito ya mlangizi tsono ndi kuthandiza mlimi kuti zokolola zake zikumane ndi ludzulo.

Njira yake ndi kufesa pang'onopang'ono. M'malo modzala dimba lonse mu Epulo, mlimi afese bedi limodzi pakatha masabata 2 kapena 3 alionse. Bitiruti amakhwima pakati pa masabata 8 ndi 12, choncho wofesedwa kumapeto kwa Julaye amakololedwa mu Okutobala. Kumapiri ngati ku Dedza, ku Angónia ndi ku Nyanga, mlimi wokhala ndi madzi othirira angathe kufesabe mu Ogasiti. M'zigwa zotentha n'kwanzeru kulekezera mu Juni, chifukwa muzu wokula padzuwa lamphamvu umakhala ndi mikombero yoyerera m'kati, umalimba, ndipo kufiira kwake kumachepa.

Mbewuyi imafesedwa pamalo pomwe idzakulire, masentimita 2 kuya kwake, m'mizere yotalikirana masentimita 30. Chimene timachitcha njere imodzi ndi kachisa ka njere zingapo zomatirirana, motero pa phando limodzi pamatuluka mbande ziwiri kapena kuposa. Mlimi akapanda kupatulira, mizu imapanikizana n'kukhala ing'onoing'ono. Apatulire kuti pakati pa mbewu pakhale masentimita 7 mpaka 10, ndipo mbande zozulidwazo ndi ndiwo zabwino. Nthaka ikhale yofewa, yosasunga madzi, ndiponso yopanda asidi wambiri. Bitiruti amakula bwino pa pH ya pakati pa 6 ndi 7. Manyowa akhale owolerana bwino, pakuti ndowe zaziwisi zimachititsa mizu kuphuka nthambi ndi tsitsi, komanso zimabweretsa tizirombo pa mbewu imene tikufuna kuimwa. Mukadula muzu n'kupeza madontho akuda olimba m'kati, kawirikawiri ndiye kuti nthaka ikusowa mchere wa boroni. Kuthirira kukhale kosadumphadumpha, chifukwa nthaka ikauma kwambiri kenaka n'kuthiriridwa mwadzidzidzi mizu imang'aluka.

Kololani muzu ukafika masentimita 5 mpaka 7 m'mimba mwake. Masamba achotsedwe mopotokola, kusiya timapesi ta masentimita 2 kapena 3, ndipo kamchira ka pansi kasadulidwe, apo ayi muzu umakha madzi ofiira ndi kufota msanga. Mizu yopanda bala ikakwiriridwa mu mchenga wachinyezi pamthunzi imakhala masabata angapo. Amene ali ndi choumitsira cha dzuwa angathe kuudula mopyapyala, kuumitsa, ndi kusunga m'chitini chotseka pamalo amdima.

Za mandimu, ambiri a m'midzi yathu ndi aja a khungu lokhakhala, amene ku Zimbabwe amamera okha m'mbali mwa mtsinje wa Mazowe ndipo alimi a zipatso amamezanitsapo malalanje ndi manachesi. Ameneŵa ali ndi madzi ochepa poyerekeza ndi mitundu monga Eureka ndi Lisbon, koma ndi owawasa mokwanira. Eureka ali ndi ubwino woti amabereka kangapo pachaka, kotero kuti mtengo umodzi pakhomo ungapereke zipatso ngakhale m'chilimwe ngati ukuthiriridwa. Pamene mandimu achuluka, madzi ake angathe kufinyidwa, kusefedwa, kutenthetsedwa mpaka atatsala pang'ono kuwira, ndi kuthiridwa akadali otentha m'mabotolo agalasi owiritsidwa, n'kutseka msanga. Vitamini C wina amatayika potero, koma kuwawasa kumakhalabe.

Ntchito ya ndimu m'chakumwachi

Anthu ambiri amene amakana bitiruti amati amanunkha dothi, ndipo sakunama. Fungolo limachokera ku kanthu kotchedwa geosmin, komwenso timakamva pamene mvula ya chizimalupsa yagwera pa nthaka youma. Pabwalo fungoli limasangalatsa mtima wa mlimi, koma m'kapu silikoma. Asidi amaphwanya geosmin kuti asanunkhenso, ndipo iyi ndi ntchito yoyamba ya ndimu.

Ntchito yachiwiri ndi yoteteza. Bitiruti ali ndi asidi wochepa. pH yake ili pamwamba pa 5. Madzi ake okha akatsekeredwa m'botolo pamalo otentha ndi munda wabwino wa tizirombo, kuphatikizapo kamene kamatchedwa Clostridium botulinum. Kameneka kamakhala m'nthaka, njere zake sizifa ndi kuwiritsa wamba, ndipo kakapeza malo opanda mpweya amene pH yake ipitirira 4.6 kamatulutsa poizoni wopha ziwalo. Madzi a mandimu ali ndi pH ya pakati pa 2 ndi 3, ndipo akathiridwa pa muyeso umene tiupereke m'munsimu amatsitsa pH ya chakumwa chonse kufika pafupi ndi 3. Motero mlangizi asalole kuti ophunzira achepetse mandimu pofuna kusunga shuga, kenaka n'kutsekera chakumwacho m'mabotolo.

Ntchito yachitatu ndi ya vitamini C, amene m'madzi a mandimu alimo pafupifupi mamiligalamu 40 pa mamililita 100. Vitamini ameneyu amaonongeka ndi moto, n'chifukwa chake mandimu amathiridwa pomalizira, madzi atazizira.

Kufiira kwa bitiruti kumachokera ku utoto wachilengedwe wotchedwa betanin, umene mafakitale a zakudya amaugwiritsanso ntchito pa nambala ya E162. Utotowu umasungunuka msanga m'madzi, koma ukaphikidwa nthawi yaitali kapena kusiyidwa padzuwa umasanduka wodera. Soda ndi chidulo zimauononganso, kotero mphika umene waphikidwa therere utsukidwe bwino usanagwire ntchito imeneyi.

Kapangidwe ka malita 2

Zofunika ndi izi: bitiruti 2 wapakatikati, wolemera magalamu 300 onse pamodzi, madzi a mandimu kapu imodzi ya mamililita 250, amene amachokera ku mandimu 5 kapena 6, kapena ochulukirapo ngati ali a khungu lokhakhala, shuga masupuni aakulu 8 osasefukira, amene ndi magalamu 100, ndi madzi owiritsa. Okonda jinja angaonjezere kachidutswa kolingana ndi chala chachikulu.

1. Sambani m'manja ndi sopo. Tsukani bitiruti mokhula mpaka dothi lonse litachoka, musende, ndipo mumupale kapena kumudula tizidutswa topyapyala. Tsukaninso mandimu musanawadule.

2. Wiritsani madzi opitirira pang'ono theka la lita, thiranimo bitiruti pamodzi ndi jinja wosinja, ndipo ziwire pamoto wochepa kwa mphindi 10 mphika uli wovundikira.

3. Sefani ndi kansalu koyera kamene kawiritsidwa, ndipo finyani bwino. Sungunulani shuga m'madzi ofiirawo akadali otentha, vundikirani, ndipo dikirani azizire.

4. Finyani mandimu, chotsani njere, ndi kuthira madzi ake m'madzi ofiira aja. Onjezerani madzi owiritsa ozizira mpaka zonse zikwane malita 2.

Muyeso umenewu umapereka makapu 8, ndipo kapu iliyonse ili ndi shuga wothira wokwana masupuni a tiyi 3. Ameneyu ndi pafupifupi theka la shuga wa m'zakumwa zambiri za m'mabotolo, zimene zimakhala ndi magalamu 10 kapena kuposa pa mamililita 100. Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku, kutanthauza masupuni a tiyi 12 kwa munthu wamkulu. Wophunzira akalawa n'kuona kuti chikuwawasa kwambiri, aonjezere madzi pang'ono m'kapu yake, osati shuga.

Chiwiya chosungiramo chikhale chagalasi, chapulasitiki yosungira zakudya, kapena chachitsulo chosachita dzimbiri. Ndowa ya malata n'njoletsedwa, chifukwa asidi amasungunula zinki imene inakutira ndowayo ndipo womwa amasanza ndi kupweteka m'mimba. Kumene kulibe firiji, botolo lotseka limizidwe mu mtsuko wa madzi pamthunzi, kapena likulungidwe m'chiguduli chonyowa pamalo opita mphepo. Njira ina ndi ija ya mphika m'kati mwa mphika unzake, pakati pake pali mchenga wonyowa, imene mphunzitsi wa ku Nigeria, Mohammed Bah Abba, anaifalitsa m'zaka za m'ma 1990. Imagwira bwino ntchito mu Okutobala pamene mpweya uli wouma. Zotsalira pa kansalu zisatayidwe. Zithiridwe m'ndiwo kapena zipatsidwe kwa nkhuku ndi nkhumba.

Madzi ndiwo mwini nkhani

Mwa magawo 8 a chakumwachi, 7 ndi madzi. Madziwo akakhala oipa, mwakonza matenda okoma kukamwa. Sitifunika kupita kutali kuti tione kuopsa kwake. Kolera anapha anthu oposa 4,000 ku Zimbabwe mu 2008 ndi 2009. Ku Malawi mliri umene unayamba mu Marichi 2022 sunaleke ngakhale m'chilimwe, ndipo pofika mu 2023 unali utapha anthu oposa 1,700. Ku Zambia unabuka mu Okutobala 2023, kufikira bwalo lamasewera la National Heroes ku Lusaka linasanduka malo ogonekapo odwala. Chilimwe ndi nthawi imene zitsime zimaphwa ndipo anthu amatunga paliponse pamene papezeka madzi.

Ena amati ndimu limapha tizirombo, choncho kuwiritsa n'kutaya nkhuni. N'zoona kuti kachirombo ka kolera sikapirira asidi, koma m'madzi mumakhala tizirombo tinanso totsegula m'mimba timene ndimu silingathe kutipha. Madzi awire mobwata kwa mphindi imodzi yathunthu. Kumene nkhuni n'zosowa, madzi oonjezera aja athiridwe mankhwala a klorini, amene anthu amawadziwa ndi maina monga WaterGuard ku Malawi, Clorin ku Zambia ndi Certeza ku Mozambique. Apa pali mfundo imene alangizi ambiri amaiphonya: vitamini C amapha mphamvu ya klorini. Mukathira klorini ndi mandimu nthawi imodzi, madziwo sanatetezedwe. Thirani klorini m'madzi okhaokha, dikirani mphindi 30, ndipo pokhapo sakanizani. Pa chifukwa chomwecho, chakumwa chikapangidwa sichikhalanso ndi klorini woti achiteteze. Chikhale chovundikira, chizithiridwa m'makapu osati kutungidwa ndi chikho, ndipo chimwedwe tsiku lomwelo. M'firiji chingakhale masiku 2 kapena 3.

Kumbutsaninso kuti chakumwachi sichilowa m'malo mwa madzi a mchere ndi shuga a kuchipatala. Wotsegula m'mimba apatsidwe ORS ndipo apite naye kuchipatala msanga.

Funso la magazi

Tsiku limene mudzaonetse chakumwachi pagulu, wina adzaimirira ndithu n'kufunsa kuti, "Alangizi, kodi si choonjezera magazi chimenechi?" Chikhulupiriro chimenechi chili ponseponse, ndipo gwero lake ndi maso: chinthu chofiira ngati magazi anthu amachiyesa magazi. Koma kufiirako ndi betanin, amene alibe ayironi. Thupi limapanga magazi ndi ayironi, ndipo bitiruti ali naye wochepa, pafupifupi mamiligalamu 0.8 pa magalamu 100.

Tiyeni tiwerengere. Magalamu 300 a bitiruti agawidwa m'makapu 8, choncho kapu imodzi singapitirire mamiligalamu 0.3 a ayironi, ngakhale atasungunuka yense. Mayi woyembekezera amalangizidwa kumwa piritsi la mamiligalamu 30 mpaka 60 tsiku lililonse. Kuti apeze ayironi wa piritsi limodzi la mamiligalamu 60 angafunike makapu 200. Mayi amene wasiya mapiritsi a kusikelo chifukwa akumwa bitiruti waika moyo wake ndi wa mwana pachiswe. Komanso kuchepa kwa magazi m'madera athu kawirikawiri kumadza ndi malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo, zimene palibe chakumwa chingazichotse.

Chimene mlangizi anganene moona ndi ichi. Kapu imodzi ili ndi vitamini C pafupifupi mamiligalamu 12, ndipo vitamini ameneyu amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa mu nyemba, nandolo, khobwe ndi masamba. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza ayironiyo. Motero banja limene limamwera chakumwachi pa nsima ya nyemba, m'malo mwa tiyi, lapindula. Muzu wa bitiruti ulinso ndi foleti wochuluka, amene ndi wofunika kwa amayi, ngakhale kuti wina amatayika pophika. Ndipo wofuna ayironi mu mbewu imeneyi amufunefune m'masamba, amene ali naye kuwirikiza katatu kuposa muzu, pamodzi ndi zopangira vitamini A. Masamba amene ogulitsa amawataya pamsika ndi ndiwo zokoma zotendera nsinjiro.

Palinso nkhani ya kuthamanga kwa magazi. Bitiruti ali ndi mchere wa naitireti, umene m'thupi umasanduka chinthu chofewetsa mitsempha. Ofufuza a pa Queen Mary University of London, motsogozedwa ndi Amrita Ahluwalia, anafalitsa mu 2015 kuti odwala amene ankamwa mamililita 250 a madzi a bitiruti tsiku lililonse kwa masabata 4, nambala yapamwamba ya kuthamanga kwa magazi awo inatsika ndi 8. Koma iwo ankamwa madzi a bitiruti okhaokha osasungunula, pamene chakumwa chathu chili ndi bitiruti wochepa ndiponso chili ndi shuga. Wodwala matendawa apitirize mankhwala ake.

Phunziro lowawa la ku South Africa

Pali chifukwa chachikulu chimene mlangizi wa m'chigawo chino ayenera kusankhira mawu akamatchula bitiruti ndi mandimu pamodzi. Manto Tshabalala-Msimang, amene anali nduna ya zaumoyo ku South Africa kuyambira 1999 mpaka 2008, ankalimbikitsa anthu okhala ndi kachirombo ka HIV kudya bitiruti, adyo ndi mandimu, uku akukayikitsa anthu za mankhwala a ARV. Pa msonkhano waukulu wa za Edzi ku Toronto mu 2006, pa malo oonetsera zinthu a dziko lake panayalidwa zakudya zimenezi, ndipo anthu anamupatsa dzina loti Dr Beetroot. Ofufuza a pa yunivesite ya Harvard anawerengera mu 2008 kuti kuchedwa kupereka mankhwalawo kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000 pakati pa 2000 ndi 2005. Pambuyo pake dzikolo linasintha njira ndi kukhazikitsa ndondomeko yaikulu kwambiri padziko lonse yopereka ma ARV.

Bitiruti sanalakwe, ndipo n'zoona kuti munthu womwa ma ARV amafunika kudya bwino. Cholakwika chinali kuika chakudya pampando wa mankhwala, ndipo amene anachita zimenezo anali munthu amene anthu ankamukhulupirira. M'mudzi, mlangizi ndi munthu wotero. Mawu amene angawanene moseka pa chionetsero amabwerezedwa pachitsime ngati lamulo la boma, ndipo akafika mudzi wachitatu amakhala atakula. Madzi akatayika saoleka.

Oyenera kuchenjezedwa

Chenjezo loyamba ndi la mkodzo. Munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 10 akadya bitiruti mkodzo wake umafiira, ndipo ena chimbudzi chimafiiranso. Ndi utoto chabe, ndipo umatha pasanathe masiku 2. Mlangizi anene zimenezi anthu asanamwe, kuti wina asadzuke usiku ndi mantha kapena kuyamba kuganizira mnzake zoipa. Koma m'mphepete mwa nyanja ndi m'madera a ulimi wothirira, kumene likodzo ndi lofala, chenjezoli likhale ndi mbali yachiwiri: mkodzo ukapitirira kufiira munthu atasiya bitiruti, kapena pakakhala ululu pokodza, apite kukayezetsa. Tisalole kuti bitiruti abise likodzo la mwana.

Khanda losakwana miyezi 6 lisapatsidwe chakumwachi. Liyamwe bere lokha, ndipo naitireti ndi woopsa ku magazi a makanda. Amene anadwalapo miyala ya mu impso achepetse bitiruti ndi masamba ake omwe, chifukwa zili ndi okisaleti wambiri amene amapanga miyalayo. Odwala matenda a shuga asathire shuga, ndipo amwe pang'ono. Asidi ndi shuga zimadya mano, choncho ana amwe pa nthawi ya chakudya, osamangopsontha tsiku lonse, ndipo achukuche m'kamwa ndi madzi akamaliza.

Kwa magulu ofuna kugulitsa

Magulu a amayi ndi makalabu a achinyamata adzaona msanga kuti pali malonda, makamaka pa masiku a msika, pa mpira ndi pa misonkhano. Ndi maganizo abwino, pakuti bitiruti wosaoneka bwino, amene wogula angamukane chifukwa cha kupindika, amapereka chakumwa chofanana ndi wina aliyense malinga asakhale wowola. Athandizeni kuwerengera zonse asanaike mtengo: shuga, nkhuni, makapu, madzi ndi nthawi yawo. Apange zimene zingathe tsiku lomwelo, ndipo chotsala chisasakanizidwe ndi cha mawa. Ayezi wogula amene simudziwa madzi ake asaponyedwe m'chakumwa. Aikidwe kunja kwa botolo.

Akafuna kutsekera m'mabotolo kuti akagulitse m'masitolo, imeneyo ndi ntchito ina, yofuna choyezera pH, kutenthetsa koyenera ndi chilolezo. Ayambe aonana ndi a zaumoyo a khonsolo yawo ndi bungwe loona za miyezo ya katundu: Malawi Bureau of Standards, Zambia Bureau of Standards, Standards Association of Zimbabwe, kapena INNOQ ku Mozambique. Pa chizindikiro cha botolo palembedwe zimene zili m'katimo ndi tsiku lopangira. Pasalembedwe kuti chimaonjezera magazi, chimatsuka thupi kapena chimachiza nthenda iliyonse. Mawu otere amagulitsa msanga, koma amene amawalipira ndi wodwala amene wachedwa kupita kuchipatala.

Pokonzekera chionetsero

Yambani mu Julaye, pa bedi la mbewu, kuti ophunzira adzamwe zimene alima okha. Tsiku la chionetsero itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kuti aime nanu pamodzi, kuti funso la magazi, la likodzo ndi la ma ARV liyankhidwe ndi pakamwa pawiri ponena chimodzi. Wiritsani madzi anthu akuona. Yezani shuga anthu akuwerenga. Phikaninso masamba kuti alawe. Ndipo pomaliza, aliyense apite kwawo atagwira mfundo zitatu: madzi akhale otetezedwa, mandimu asachepe, ndipo wodwala asasiye mankhwala.

Mlimi woweruka ku munda masana a Okutobala sanapemphe mankhwala. Wapempha chakumwa chozizira, choyera, chimene sichimutha ndalama za feteleza. Chimenecho dimba lake ndi mtengo wa kuseri kwa nyumba zingathe kumupatsa, ndipo n'chokwanira kuti mlangizi achiphunzitse popanda kuonjezerapo kanthu.